Bikoni yachinayi

Ntchito ya usaveya munthu umayiyambira ku ndodo. Amene munaonapo asaveya ali kumunda mukudziwa mmene zimakhalira: wamkulu amaima pa makina a miyendo itatu aja, diso lili pa galasi, pamene wamng'ono akuyenda ndi ndodo yokhala ndi kagalasi pamwamba, n'kumakaima pena paliponse pofunika kuyeza. Wa ndodoyo ndiye amayabwidwa ndi chitedze, ndiye amaponda minga, ndiyenso amasenza thumba la simenti. Koma pali china chimene sindinkachizindikira nthawi imeneyo. Pa anthu awiriwa, amene amaona malire ndi maso ake ndi wa ndodo. Wa pa makina amaona manambala.

Mu Okutobala 2009 wa ndodo ndinali ine. Tinapita kumudzi wina kunja kwa mzinda wa Lilongwe, chakum'mawa, kumene tauni inali itayamba kale kununkhira: mauvuni a njerwa m'mbali mwa njira, maziko a nyumba pakati pa minda ya chimanga. Bambo wina wa m'tauni anagula malo maekala awiri ndipo ankafuna lizi, chikalata cha boma chomupatsa malowo kwa zaka zoikika. Ogulitsa anali malume a banja lina pamudzipo, munthu wamtali, wolankhula mwaulemu, atavala jekete ngakhale kunali dzuwa loswa mtengo. Kalata ya amfumu inalipo, chidindo chili pompo. Kumbali ya mapepala kunalibe chokayikitsa.

Ngodya zitatu sizinavute. Yoyamba inali pa chulu, yachiwiri pa mtengo wa mango, yachitatu pamene njira ya ngolo imakhota. Yachinayi inali kumunsi, chakudambo. Kumeneko kunali mzere wa khonje wakalekale, zitsa zake zikuluzikulu. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti khonje samera yekha pamzere. Malume aja anafika pakhonjepo, n'kudutsa pampata, n'kuyendanso mapazi ngati makumi awiri, kenaka n'kudinda pansi ndi chidendene.

"Apa, achimwene."

Pamene anadindapo panali m'dimba. Mpiru wobiriwira, tomato womangirira ku timitengo, ndi chitsime chokumba pamanja, pakamwa pake atagonekapo mitengo iwiri yopondapo potunga.

"Nanga khonjeyu, bambo?" Ndinafunsa, koma motsitsa mawu, ngati munthu wosafuna kuti amumve.

"Ameneyo ngotchingira mbuzi chabe. Malo onsewa ndi athu."

Ndinayang'ana kumtunda. Abwana anga anali atakweza dzanja kuti ndiimike ndodo, dzuwa linali litapendeka ndipo tinali ndi ulendo wobwerera. Ndinaimika. Ndinadikira kathovu ka pa ndodo mpaka kanakhazikika pakati penipeni, monga anandiphunzitsira. Kenaka ndinakumba dzenje, ndinazika chitsulo, ndinathira simenti. Madzi osakanizira ndinatunga pachitsime chomwecho. Imeneyi ndiyo bikoni, chizindikiro cha ngodya ya malire. Simenti isanaume ndinalemba nambala ya bikoniyo ndi msomali.

Ndikusamba m'manja, kunatulukira agogo ena atanyamula kheni yothirira. Malume aja apa n'kuti atabwerera kale kumtunda, kumene kunali galimoto. Agogowo anaima poteropo n'kumayang'ana simenti yaiwisi ija pakati pa mpiru wawo.

"Mwanangu, mwala umenewu ngwa chiyani?"

"Ndi chizindikiro chabe, agogo. Musadandaule, palibe akulanda malo anu."

Anati zikomo. Kenaka anayamba kuthirira mbewu zawo, ndipo atafika pa bikoni paja anathirira mozungulira, mosamala, kuti madzi asaononge simenti yanga.

Titabwerera ku ofesi ndi pamene ndinamvetsa chimene chinawadutsitsa pakhonje malume aja. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndiye kuti maekala awiri ndi 8,094. Malo a mkati mwa khonje ankangokwana 7,600 ndi kanthu. Mtengo anali atagwirizana kale wa maekala awiri, ndalama zitalandiridwa, mwinanso zitayamba kudyedwa. Kubweza ndalama n'kowawa. Kunali kwapafupi kukoka ngodya imodzi mamita 15 kuti nambala ikwane. Kachigawo kamene tinadula kanali ka masikweya mita ngati 450. Pa pulani ya sikelo ya 1:2,500, mamita 15 amaoneka ngati mamilimita 6, kuchepera ngakhale chikhadabo cha chala chaching'ono. Pansi, mamilimita 6 amenewo anali chitsime, ndiwo za m'chilimwe, ndi ndalama ya sopo ndi mchere ya nyumba yonse. Pambuyo pake ndinadzamva kuti agogo aja anali mlongo wawo wa malume omwewo, bere limodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti popeza ntchito yathu imakaunikidwa kuboma, cholakwika chotere chimagwidwa. Kuunika kumachitikadi, ndipo n'kokhwima. Lamulo limati kuyeza malo kokalowa m'kaundula wa boma azichita ndi saveya wa laisensi yekha, ndipo zonse zimene wayeza zimapita ku ofesi ya Surveyor General. Kumeneko amaona ngati masamu akutsekana, ngati unayambira pa zizindikiro zodziwika za boma, ngati puloti yatsopanoyo sikukwera pamwamba pa ina yoyezedwa kale. Zikakhala bwino, didi pulani, mapu a malire a pulotiyo, imavomerezedwa n'kukamatidwa ku chikalata cha lizi. Masamu athu anatsekana bwinobwino. Ndipo wounika mafayilo alibe mlandu pamenepa: iye ali pa desiki, sangaone khonje amene wopita kumunda sanamuike pa pulani. Dimba la agogo linali lisanayezedwepo chiyambire, choncho panalibe puloti ina yoti yathu iwombane nayo. Kuyambira pamenepo pepala linayamba kunena kuti chitsime n'cha munthu wa m'tauni. Ndipo pepala likalankhula, kaya ndi kubanki, kukhoti, ngakhale pabwalo la mfumu, mawu a munthu wamba amachepa mphamvu.

Chimene ndinaphunzira pa bikoni imeneyo, ndipo chanditengera zaka kuti ndichinene momveka, n'chakuti saveya amalipidwa ndi munthu mmodzi koma mzere umene akujambula ndi wa anthu awiri. Malire alionse ali ndi wa uku ndi wa uko. Loya akhoza kuimira mbali imodzi, ndi ntchito yake, ndipo mbali inayo imakapeza wake. Ife sitili choncho. Ndikazika bikoni, ndayezera amene wandituma, ndayezeranso amene sanandiitane. Wachiwiriyu kawirikawiri alibe ndalama yodzaitanira saveya wake mawa. Saveya yekhayo amene adzaponde pamalire ake moyo wake wonse ndine, ndipo ndabwera pa galimoto ya mnzake.

Nkhani imeneyi si ya lero. Dziko lathu linayamba nayo. Angelezi atalengeza ulamuliro wawo kuno mu 1891, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anayamba, kuchokera mu 1892, kuunika madandaulo a azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Amene anawavomereza anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo amene anapita mwa njira imeneyi anali maekala pafupifupi 3.7 miliyoni, malire ake ongotchula mitsinje ndi mapiri. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yonena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale pamalopo isasokonezedwe. Pa pepala ndime imeneyi inali yabwino. Koma panalibe amene anayenda kukawerenga midziyo, kapena kujambula pamene minda yake inathera. Makolo athu nawo ankasuntha minda nthaka ikaguga, ankasamutsa mudzi pakagwa zovuta. Akangosuntha, mwini esiteti ankati awa si aja anatetezedwa aja, awa akhala pamalo anga, alipire. Mu 1903 woweruza Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anaona kuti eni nthaka akuponderezedwa ndipo ananena poyera, koma thangata sanathe. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, mkwiyo wake unadzaphulika mu Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe. Mukapita ku Thyolo ndi ku Mulanje lero mudzaona tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, anthu atapanikizana m'mphepete ndi m'matsitso, ena akulima timinda tosakwana theka la ekala.

Ndikamawerenga mbiri imeneyi sindiona atsamunda okha ayi. Ndimaonamo ntchito yanga. Midzi ija sinachotsedwe ndi mfuti tsiku loyamba. Inangosiyidwa pa mapu, ndipo mapuwo ndi amene anakhalitsa kuposa anthu amene ankakumbukira.

Titalandira ufulu tinayesa njira ina. Mu 1967 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo Registered Land Act, ndipo mu 1968 kunayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank. Kumadzulo kwa Lilongwe minda inayezedwa n'kulowetsedwa m'kaundula monga malo a banja, amene anthu amawatcha ndunda. Pa pepala pankalembedwa dzina la woimira banja. Maganizo ake anali olemekeza chikhalidwe chathu, koma taganizirani mmene Achewa timakhalira. Munda amalima ndi amayi, amausiyira ana awo aakazi. Mwamuna amapita ku chikamwini, kumene amalima koma sakhala mwini. Malume, mwini mbumba, ndi msungi: amaweruza, amagawa, amaimira mbumba pabwalo. Mawu akuti mwini mbumba satanthauza kuti munda ndi katundu wake woti angapite nawo pamsika. Tsono pepala lili ndi mzere umodzi wolembapo dzina. Dzina la msungi likakhala pamzere umenewo zaka makumi awiri, ana ake, ogula, ngakhale iye mwini amayamba kuliwerenga ngati dzina la mwini malo. Malume a jekete aja analibe pepala la ndunda, koma mtima wake unali womwewo. Ndipo ife tinawafunsa iwo okha chifukwa ndiwo anali amuna, ovala jekete, odziwa kulankhula ndi alendo.

Ya maesiteti a fodya ndingoidutsa mwachidule. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 fodya wa bale ankaloledwa kwa okhawo okhala ndi malo a lizi, choncho aliyense wofuna kulima anathamangira kusandutsa malo a makolo kukhala esiteti, makamaka ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa. Malizi ambiri, a zaka 21, anaperekedwa pa sikechi yojambula pamanja, popanda bikoni ngakhale imodzi. Ndagwirapo ntchito pamalo pamene ukaphatikiza mahekitala olembedwa pa mapepala a eni ake atatu, amaposa nthaka imene ilipo. Aliyense ali ndi chikalata cha boma m'manja, aliyense akunena zoona monga mwa pepala lake, ndipo adzukulu awo akutengerana zikwanje.

N'chifukwa chake malamulo atsopano a za malo a 2016 ndinawalandira ndi manja awiri, ngakhale anzanga ena ankang'ung'udza, mafumu ambirinso ankaona ngati akulandidwa ufumu. Ulendo wake unali wautali: bungwe lofufuza za malo limene Bakili Muluzi anakhazikitsa mu 1996, ndondomeko ya dziko ya za malo ya 2002, kenaka zaka khumi ndi zinayi zokankhana. Customary Land Act, lamulo la malo a makolo, inayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo mu 2022 aphungu anakonzanso zina. Chimene chimandikhudza ine m'lamulo limeneli si chikalata chimene munthu amalandira pamapeto. Ndi anthu amene lamulo limawaika patsogolo pa makina. Kwa gulupu aliyense kumakhala komiti ya malo: agulupu monga wapampando, ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Pamakhala kalaliki wa za malo wolemba zonse. Munda ukamayezedwa, oyandikana nawo amayenera kukhalapo, ndipo mapu amakapachikidwa poyera kuti wotsutsa atsutse. Mkangano ukabuka umayambira ku bwalo la malo la kwa T/A, kenaka la paboma, usanakwere kumtunda. Anayesera koyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo kusankha kumeneko kunali kwanzeru, pakuti funso lofunsa silifanana. Ku Phalombe ufunse za mkamwini ndi ana ake. Ku Rumphi, kumene malo amatsata kuchimuna, ufunse za mayi wamasiye ndi mwana wamkazi wobwerera kwawo banja litatha.

Komiti yotere ikanakhalapo pamudzi paja mu 2009, mmodzi mwa amayi atatuwo akanangoti, "Iyayi, dimba ilo n'la anaphiri," nkhani n'kuthera pomwepo. Sikukanafunika makina.

Koma lamulo likuyenda pansi pamene malonda a malo akuthamanga. Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni. Pa wa 2018 tinapezeka 17.5 miliyoni, nthaka ndi yomwe ija. M'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu minda ikudulidwa mapuloti usiku ndi usana, madobadoba ali pakati, ndipo komiti isanafike n'komwe pamudzi njerwa zimakhala zafika pawindo. Kumeneko wotsala yekha pakati pa wogula ndi woyandikana naye ndi saveya.

Ndipo makina akatithandiza, amatinamizanso. Masiku ano ndi GPS yabwino munthu umapeza malo mosaphonya kuposa masentimita awiri kapena atatu, ntchito imene kale inkatenga sabata ikutha tsiku limodzi. Wogula akaona manambala ataliatali aja pa sikirini amakhulupirira kuti makina apeza malire. Makina sapeza malire. Amangonena molondola kwambiri pamene ndodo yaimikidwa, ngakhale itaimikidwa pakati pa mpiru wa eni ake. Kulinso anyamata ambiri oyenda ndi foni m'manja, odzitcha asaveya, osadziwa kuti GPS ya m'foni imaphonya ndi mamita angapo, pamene puloti ya m'tauni m'lifupi mwake ndi mamita 15 kapena 20. Ena sadziwa kuti mapu akale a dziko lino anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene foni imawerenga pa WGS84, ndipo ukasakaniza ziwirizi osatembenuza, puloti imasamuka mamita pafupifupi 300. Munthu amamanga nyumba yonse pamalo a mnzake ali ndi manambala m'thumba.

Anyamata amenewa sindiwada kwambiri, akufuna kudya. Amene amandipweteka mtima ndi ife a malaisensi tikamasayina ntchito imene sitinaiponde. Mnyamata amabwera ndi pulani yojambula kale, envelopu ili pansi pake, iwe n'kudinda. Siginecha ya saveya imatanthauza kuti ndinapita, ndinaona, ndikuikira umboni. Ukaigulitsa, wagulitsa umboni wa chinthu chimene sunachione, ndipo fayiloyo idzakhala m'kaundula iwe utaikidwa kale m'manda. Bungwe lolembetsa asaveya lili ndi mphamvu yolanda laisensi, Surveyors Institute of Malawi nayo ili ndi malamulo ake a khalidwe, koma onsewa amamva nkhani pokhapokha wina akadandaula. Agogo a kheni aja akanakadandaula kwa yani? Sankadziwa n'komwe kuti chawachitikira chili ndi dzina.

Mayesero enieni sabwera ngati chiphuphu chachikulu. Amabwera ndi mawu ofewa. "Bwana, tangokankhaniko pang'ono, kuti geti ikwane." "Msewuwu sadzaukuza lero, tangolowetsaniko mamita asanu," chonsecho pa misewu ikuluikulu mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi a boma, ndipo tsiku lokuza msewu likafika wogwetsedwa mpanda amatukwana saveya. Kapena bikoni yakale ikasowa, n'kungozika yatsopano pamene manambala akulozera osayamba wakumba. Amene anandiphunzitsa bwino ntchitoyi pambuyo pake, mkulu wina amene anapuma kale, ankatigwiritsa khasu theka la tsiku kufunafuna kachitsulo kadzimbiri kokwiririka. Ankati bikoni yoyamba ikapezeka pamalo pake, yosasunthidwa, imaposa masamu ako onse, chifukwa ndi imene eni malo oyamba anaiona ndi kuivomereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero, ife manja ali matuza. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu pa lamulo, ndipo timakonda kuopseza nawo anthu akumudzi. Sitikonda kunena kuti kuizika pamalo olakwika ukudziwa n'koipa kuposa pamenepo, pakuti wozula amaononga chizindikiro, pamene wozika amalenga bodza lokhala ndi nambala.

Chiyambire kugwira ntchito pandekha ndili ndi lamulo langa limodzi: bokosi la makina silitsekulidwa oyandikana nawo asanafike. Ndimayamba kwa amfumu, osati kukatenga chidindo chokha, koma kupempha kuti atumize mthenga mbali zonse. Ndikafika pamunda sindifunsa kuti malo ano ndi a yani, pakuti funso limenelo amayankha ndi amuna. Ndimafunsa kuti chaka chatha analima pano ndani, anakolola ndani, mango awa amatchera ndani. Mayankho ake amatulutsa amayi amene anakhala kumbuyo pamphasa. Kenaka timayenda malire onse pansi, wa uku ndi wa uko ali limodzi, ndipo pa ngodya iliyonse onse awiri aloze ndi dzanja lawo. Ndimafunsa za manda akale, za njira ya kumadzi, za podutsa ng'ombe. Akasemphana sindiweruza, si ntchito yanga. Ndimalemba kuti apa sanagwirizane, ndimajambula mizere yonse iwiri, n'kuwauza kuti akakambirane kwa amfumu kapena ku komiti, ndidzabweranso.

Zimenezi zimadya nthawi, zimadyanso makasitomala. Chaka chatha bambo wina, titadikira mpaka masana mayi woyandikana naye amene anapita kumaliro, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi akukulipirani ndani, ine kapena iwowo?" Ndinati, "Ndinu, bwana, ndipo ndikufuna mudzagone tulo pamalo pano." Zimenezo n'zoona, mpanda womangidwa pa mkangano sukhalitsa. Koma sindinawauze chifukwa changa chonse, chakuti ngakhale mayiyo akanakhala wosatha kudzawavutitsa mpaka kalekale, ndikanadikirabe. Anakapeza wina. Mafuta a tsiku limenelo ndinalipira ndekha, mwezi womwe sukulu fizi ya ana inali isanakwane. Ndiye ndikamalankhula ndi achinyamata amene angomaliza ku MUBAS kapena ku Mzuzu University sindiwanamiza kuti chilungamo chimalipira msanga. Ndimangowauza za bikoni yachinayi, ndi kuti wa ndodo alinso ndi pakamwa.

Mu 2021 ntchito ina inandifikitsa kufupi ndi mudzi uja. Sindikanauzindikira pakanapanda chulu. Pamene panali chimanga pali nyumba za malata achikuda, ndipo maekala awiri aja azunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, pamwamba pake waya. Ndinatsika nawo mpandawo mpaka kudambo. Pa ngodya ya kumunsi ndinapalasa dothi ndi nsapato, ndipo inalipo, theka lake litalowa pansi pa maziko. Nambala ija inkawerengekabe, dzanja langa lomwe. Kuseri kwa mpanda kunkamveka pampu ikukoka madzi kukweza mu thanki.

Usiku umenewo ndinatsitsa katoni imene ndimasungamo timabuku ta kumunda. Wa ndodo ndi amenenso ankajambula sikechi, ndipo ndinakapeza kabuku ka chaka chimenecho, masamba atachita chikasu. Khonje analimo, mzere wa timitanda. Chitsime chinalimo, kabwalo kakang'ono, pambali pake nditalemba ndi pensulo kuti chitsime. Ndiye kuti ndinaona, ndinajambula, ndipo pojambula pulani yomaliza pa kompyuta ndinazisiya ndekha, poganiza kuti zingodetsa pepala.

Loweruka lotsatira ndinabwererako ndi fotokope. Ndinafunsira kwa amfumu, amene tsopano ndi ena, ndipo anandipatsa mwana wondiperekeza. Agogo aja anamwalira. Malume ajanso anamwalira. Ndinapeza mwana wawo wamkazi wa agogowo, mayi wachikulire ndithu, akusankha nyemba pakhonde. Titalonjerana anandiyalira mphasa, ine n'kufotokoza chimene ndabwerera.

Anandisimbira kuti mpanda unamangidwa patapita zaka ziwiri. Amayi awo anapita kwa amfumu, amfumu anati pepala la boma lawaposa msinkhu. Anthu anawauza za kukhoti, koma kukhoti n'kutauni, ndipo kukasuma mlongo wako si chinthu chapafupi. Anakumba chitsime china kumunsi, koma chimauma mu Seputembala, nthawi yomwe tomato amafuna madzi. Mpaka kumwalira, akuti, ankangonena kuti mnyamata uja anati n'chizindikiro chabe.

"Mnyamatayo ndine, mayi."

Anasiya kusankha nyemba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, osamwetulira.

"Ndiye mwabwera kudzatani, bambo?"

Ndinawauza kuti sindingawalonjeze chitsime. Zaka zapita zambiri, ogulitsa kulibe, ndipo wogulayo mwina sankadziwa kanthu, analipira maekala awiri n'kulandira maekala awiri. Chimene ndingathe ndi kulemba umboni wa zimene ndinaona tsiku lija, kusayina dzina langa ndi nambala ya laisensi yanga, ndi kukaunena pamaso pa amfumu, pa komiti, kapena kukhoti ngati a Legal Aid Bureau angawathandize kufika kumeneko. Ndinawauzanso kuti ndili wokonzeka kukagogoda nawo pageti paja, pakuti nthawi zina munthu akaona pepala amalola kukambirana, ngakhale kungotulutsa paipi imodzi kunja kwa mpanda.

Sanayankhe zimenezo. Anapukuta manja pa chitenje, natenga fotokope ija, naitembenuza uku ndi uku.

"Chitsimecho chili pati apa?"

Ndinawalozera kabwalo kaja. Anaikapo chala, osachichotsa, n'kuitana mdzukulu wawo amene ankasewera kuseri kwa khitchini kuti abwere adzawawerengere mawu olembedwa pambali pake.